Adzakukumbirani Ndani, Atsibweni?

Loweruka lapitali tinamanga chiliza cha atsibweni anga, a Kalisito, alongo awo a mayi anga. Patha chaka chathunthu chiwaikireni. Tikuphika kuseri, mkazi wa mwana wanga, amene ndi mlendo kwathu kuno, anandinong'oneza kuti, "Amayi, kodi si Akatolika inu? Nanga a tizipewa toyerawa achulukiranji chonchi? Mbuzinso wazinga ndi Msilamu." Ndinangoseka n'kumuuza kuti asonkhezere moto. Nkhani yake si yokamba uli ndi mthiko m'manja.

A Kalisito anali mkulu wa adzukulu, okumba manda a m'mudzi mwathu, kufupi ndi kamsika kamene kali pa msewu wafumbi wopatuka pa Namitete. Anali munthu wamfupi, wa akatumba ngati mbatata, wa chipewa cha mlaza chimene sichinkachoka kumutu kupatula m'tchalitchi ndi pamaso pa maliro. Ana analibe. Akazi awo anamwalira kalekale ndipo sanafunenso banja. Anali ndi khasu la mpini waufupi limene ankalisomeka kudenga, ndipo silinalimepo mzere ndi umodzi womwe. Limenelo linali la kumanda basi.

Pakamwa pawo mpoti mayo! Mukudziwa kuti mdzukulu saletsedwa kuyankhula, amatukwana ngakhale mfumu pamaliro anthu n'kumaseka. Koma iwo chidzukulucho ankayenda nacho ndi kumsika komwe. Akakuona wanenepa, ankakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kukudandaulira kuti ukuwawonjezera ntchito. Ine ankanditi, "Iwe Nambewe, usatalikenso, bango lako ndinadula kale." Bango limenelo ndi lija adzukulu amayezera bokosi asanayambe kukumba. Ankati mdzukulu woiwala bango ndi chimodzimodzi mlimi woiwala mbewu kunyumba.

Ndinene zoona, poti akufa sanamiziridwa: pa anthu onse a m'mudzi mwathu, amene ankadana kwambiri ndi Asilamu anali atsibweni angawa.

Che Amidu anabwera kuchokera cha ku Mangochi ndi mkazi wawo, mng'ono wawo Che Jafali, ndi mayi awo okalamba, Abiti Saidi. Anatsegula sitolo pakamsika paja. Mchere ndi parafini tinkagula poti kunalibe kwina, koma moni wake unali wa m'mphuno. Gogo uja ankakazinga mandasi onunkhira mpaka kumjigo, ife n'kumaletsa ana kugula. Tinkauzana kuti Achawa amafinya maliro, ndipo madzi osambitsira mtembo amakandira ufa. Anaziona ndani? Palibe. Koma tonse tinkalumbira ngati tinalipo. Nawonso sanali angelo ayi. Ankatitcha odya nkhumba, chikho chathu sankamwera, ndipo mkazi wa Che Amidu ankatsuka ndowa katatu ikangokhudzana ndi yathu pamjigo.

Ndiye kunabwera nkhani ya nkhumba. A Kalisito ankaweta nkhumba zongoyendayenda, ndipo tsiku lina imodzi inakagona m'kachisakasa kamene anthu aja ankapemphereramo kuseri kwa sitolo. Che Amidu anaithyola mwendo ndi mtengo. Atsibweni anapita pakhonde la sitolo n'kutukwana kuyambira kwa agogo a agogo awo, mpaka kuwakumbutsa za makolo athu amene anagulitsidwa ukapolo. Kuyambira pamenepo, zaka zisanu ndi ziwiri, anthu awiriwa osapatsana moni. Atsibweni ankalolera kupalasa njinga mpaka pa Namitete kukagula machesi.

Zaka zawo zomaliza ndinkawaphikira ndine, ndipo nkhani ya tsiku limene zinthu zinatembenuka anandiuza kosawerengeka, nthawi zonse akukazinga chimanga paphale. Mbali ina ndinaiona ndi maso anga.

Munali mu Febuluwale, mvula itagwa masiku anayi osakata, mlatho wa pamtsinje wathu utakokoloka. Abiti Saidi anamwalira m'mamawa. Mwambo wawo ndi woti munthu aikidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Kwawo kutali, manda a Asilamu anzawo ali kutsidya kwa madzi osawolokeka. Che Amidu anapita kukagwada kwa akuluakulu a mudzi kupempha malo kumanda kwathu. Anawayankha kuti manda ndi a eni mudzi, mlendo sagona pakati pa makolo a eni ake. Amene anakweza mawu kuposa onse anali a Petulo, mnzawo wa atsibweni wa ponda apa nane ndipondepo, amene anakumba nawo limodzi manda osawerengeka.

Atsibweni pabwalopo panalibe, anali kumunda kothyola fodya. Pobwerera masana anadzera kuseri kwa sitolo, ndipo anamva khasu likulira pamiyala. Ankati khasu likamalira iwo amadziwa ngati lili m'manja mwa munthu kapena mwa chitsiru. Anasuzumira. Che Amidu ndi Che Jafali anali m'kadzenje kofika m'mawondo, pambali penipeni pa dzala, madzi akutumphukira pansi. Khasu lake latsopano la m'sitolo, kapepala ka mtengo kadakali pompo. Manja a anthu ogulitsa sopo, matuza ataphulika kale.

"Kodi chimbudzi amakumba pafupi ndi nyumba chonchi?" anatero atsibweni. Amenewo ndiwo anali mawu oyamba m'zaka zisanu ndi ziwiri.

Che Amidu sanadzutse mutu. Anangoti, "Ndikukumbira mayi anga."

Atsibweni anavula chipewa. Ankandiuza kuti chimene chinayamba kuwagwira si chisoni ayi, koma manyazi. Gogo wa imvi kugona pambali pa dzala, m'matope, m'dera limene mkulu wa adzukulu ndi Kalisito! Chisoni chinabwera pambuyo, ataona magazi pampini.

Ine ndinali m'chigafa ndi mayi anga tikusoka fodya pamene anatulukira, osayankhula ndi munthu, n'kusolola khasu lija kudenga. Mayi anafunsa kuti wamwalira ndani. Atamva, ndi kumvanso kuti akufuna kupereka ngodya ya kumtunda ya munda wathu, pamene pali mtengo wa msuku, anaponya fodya pansi.

"Achimwene, mwapenga? Munda umenewo ndi wa mbumba! Mukaikemo Mchawa? Ana awa adzalima pati?"

"Mlongo," anatero atsibweni, "pamsuku paja chimanga chinakana kale. Koma munthu sipangamukane."

Anyakwawa anangoti zili kwa eni munda. Atsibweni anayenda khomo ndi khomo kuitana adzukulu anzawo, asanu ndi atatu, ndipo palibe anatuluka. A Petulo anaima pakati pa njira, anthu akumva, n'kunena mawu amene mudzi wonse unawasunga zaka zoposa makumi awiri: "Pitani, a Kalisito. Koma khasu lathu mwalekana nalo lero. Mukadzafa adzakukumbirani ndi Achawa anuwo."

Kwa munthu wopanda mwana, mawu amenewo si nthabwala. Atsibweni anawamva n'kupitiriza ulendo.

Anakumba atatu pamsuku paja, iwo, Che Amidu ndi Che Jafali, mvula ikuwaza. Poyamba kunali zii, khasu lokha. Kenaka anayamba kukangana za kumene dzenje liloze, Che Amidu akuti mayi awo agonere kumanja nkhope italoza kumpoto, atsibweni akuti iwo akumba manda Che Amidu asanamere mano. Anagonja atsibweni. Dzenje litafika m'khosi anafuna kutuluka, koma Che Amidu anawagwira mkono n'kunena kuti ntchito sinathe, patsala kachipinda ka m'mbali, poti iwo saika m'bokosi, amagoneka munthu m'nsalu n'kutseka ndi mitengo kuti dothi lisamugwere kumaso.

Atsibweni akuti anakhala pansi m'dzenje momwemo. "Mwati kachipinda ka m'mbali? Inu, amenewo ndiwo maikidwe a agogo anga! Mabokosi asanabwere tinkakulunga mumphasa n'kugoneka m'mbali chomwechi. Anandiphunzitsa ndi atsibweni anga ndili mnyamata. Ndiye mwakhala mukuika maliro Chichewa nthawi yonseyi osandiuza?"

Anakasema kachipindako okha, mosalala ngati akuzira nyumba. Ndipo poti m'dzenje mdzukulu amafunsa chilichonse, anafunsa.

"Che Amidu, tandiuzani pano pali Mulungu. Zoti mumafinya maliro n'zoona?"

Che Amidu akuti anaimika khasu n'kuyankha. "A Kalisito, mwana akabadwa simumusambitsa? Ifenso timasambitsa munthu pobwerera, modekha, kuti akafike waukhondo. Madzi ake timataya pansi, monga inu. Mayi anga ankalira ana akamathawa mandasi awo. Ankafunsa kuti kodi achepetsa shuga?"

Pamenepa atsibweni ankasiya kutakasa chimanga, chimanga n'kumapserera.

Nawonso Che Amidu anali ndi lawo. Anafunsa ngati n'zoona kuti Achewa amafukula maliro a alendo n'kudya. Atsibweni anaseka mpaka kutsamira khoma la dzenje. Anati iwo akumba manda moyo wawo wonse, ndipo ntchito yokwirira ndi yowawa moti sangapezeke Mchewa waulesi chotere wofuna kuibwereza. Komabe mawa lake anadzala nkhadze kuzungulira mtumbira kuti mtima wa munthu ukhale pansi.

Abiti Saidi analowa m'nthaka dzuwa likali pamwamba pa mitengo. Ine ndinaonera patali, nditabisala m'chimanga ngati wakuba, ndipo mpaka lero ndimachita manyazi kuti sindinasendere.

Atatha kukwirira, atsibweni anasamba m'manja n'kunena kuti tsopano akufuna nkhuku yawo. Che Amidu anadabwa. Atsibweni anawafotokozera kuti kuno mdzukulu sabwerera ndi njala, ndipo kuyambira lero ndi adzukulu awo, ali ndi ufulu wowatukwana, wowalanda chakudya, ndi wolowa pakhomo osaodira. Nkhuku anazinga Che Amidu okha, ndipo anadya mbale imodzi.

Mtengo wa zimene anachitazi atsibweni anaulipira. Adzukulu anasankha a Petulo kukhala mkulu, ndipo maliro akagwa m'mudzi atsibweni sankaitanidwanso. Ankapita ndithu, n'kukhala pansi pa mtengo ngati mlendo, akumva makasu akulira kumanda, zala zawo zikungofinya chipewa. Mayi anga anakhala zaka ziwiri osawapatsa moni. Ku mphakati, kagulu kathu ka Akhristu a m'mudzi, anawaitanitsa kuti afotokoze. Iwo anati pa katekisimu anaphunzira kuti kuika akufa ndi ntchito ya chifundo, ndipo ngati pali tsamba lonena kuti akufa ake ati, ndiye kuti tsiku limenelo anajomba. Nkhani inathera pomwepo, koma khasu lawo linatsala la pamsuku basi, pamene panasanduka manda a Asilamu ndi a matenanti a m'minda ya fodya omwalira kutali ndi kwawo.

M'malo mwake anapeza khonde. M'mawa uliwonse, akachoka ku mapemphero, ankakakhala pabenchi la pasitolo n'kukuwa kuti, "Tiyi wa adzukulu ali kuti, ogulitsa sopo inu?" Poyamba mkazi wa Che Amidu anawapatula kapu yawoyawo, yachitsulo ya mkombero wobiriwira, yokoleka pamsomali panja, poti pakamwa pake ndi podya nkhumba. Atsibweni anaona. Anangomanga khola kuseri kwa dambo n'kutsekera nkhumba zawo. Patapita miyezi, tsiku lina Che Amidu anatenga kapu ija atsibweni atamwa theka, n'kumaliza tiyiyo anthu akuona. Kapuyo inakhalabe pamsomali, koma tsopano inali ya ulemu.

Ankakangana tsiku ndi tsiku anthu awiriwa, za Mulungu, za mtengo wa feteleza, za amene ali ndi njala yoopsa pakati pa wosala mwezi wathunthu ndi wosala nyama Lachisanu. Palibe anatembenuza mnzake, ndipo palibe anayesa. Ife tinkangoona kuti mphezi sinawagwere. Ana anayamba kugula mandasi. Paukwati wa mng'ono wanga, mayi anga omwe aja, mwakachetechete, anatuma munthu kukaitana Che Amidu kuti adzazinge mbuzi kuti anthu onse adye. Zinayenda pang'onopang'ono choncho, ngati madzi olowa m'dothi louma.

Koma mawu a a Petulo palibe anawafafaniza. Chaka chatha atsibweni atagona osadzukanso, ankachita ngati alibe nazo ntchito. Ankati, "Mudzangondiponya m'dzala, Nambewe, nkhumba zanga zidzandilire." Koma tsiku lina ndikuwamwetsa phala anandigwira dzanja n'kufunsa ndi mawu ang'onoang'ono, osaseka, "Kodi iwe, adzabweradi anthu?" Ndinawauza kuti adzabwera. Ndinanama, sindinkadziwa. Ndinatuluka n'kukalira kuseri kwa nkhokwe.

Anamwalira mu Okutobala, dothi lili gwa ngati mwala. M'mawa wa tsiku loika, adzukulu a masiku ano, motsogozedwa ndi Mateyu mwana wa a Petulo, anakhala pansi pa mtengo makasu ali pambali. Sanakane, sanavomere. Ankati akudikira mawu a akuluakulu, poti anamva kuti pali chiletso chakale. Dzuwa likukwera, ine mtima uli m'malere.

Kenaka tinaona fumbi kumsewu. Amuna khumi ndi awiri a tizipewa toyera, makasu ndi mapiki pamapewa, patsogolo Saidi ndi Yusufu ana a Che Amidu, pambuyo Che Amidu mwini wake, maso atachita khungu, wina atawagwira dzanja. Anaima pamaso pa a Petulo, amene tsopano ndi nkhalamba ya ndodo.

"Tabwera adzukulu," anatero Che Amidu. "Munanena ndinu kuti tidzakumba ndife. Tilozereni malo."

A Petulo anagwira ndodo yawo. Kenaka anadzuka, mawondo akulira, n'kuwatsogolera okha kulowa m'manda momwe anakaniza mayi a Che Amidu.

Masana tinanyamula maliro, kwaya ikuyimba. Tinafika, akatekisiti anapemphera, anyamata anagwira zingwe. Bokosi linatsika pang'ono n'kukakamira. Analitembenuza, linakana. Ha! Anthu aja anakumba bwino zedi, mozama, mosalala, ndi kachipinda ka m'mbali komwe. Koma anakumba mwa kwawo, mopapatiza, moyenera munthu wa m'nsalu. Moyo wawo wonse sanakumbirepo bokosi.

Saidi thukuta lili kamukamu, akufuna pothawira. Ndiye tinamva munthu akuseka mpaka kutsokomola. Anali a Petulo, misozi ili mbwembwembwe.

"Taonani adzukulu a Kalisito! Sanatenge bango! Kalisito iwe, zaka zonsezi unkangomwa tiyi osawaphunzitsa bango?"

Manda onse anaphulika ndi phwete, ndi ife olira tomwe. Mateyu anavula malaya n'kudumphira m'dzenje. "Bweretsani khasu kuno, ogulitsa sopo inu!" Saidi anamuponyera khasu n'kudumphira momwemo. "Mukanabwera m'mawa bwenzi titatha! Mumadikira kuti tikuphikireni mandasi?" Anakulitsa dzenjelo limodzi, mapewa akugundana, akutukwanizana monga adzukulu achitira. Ine ndinatuma mwana wanga kukasolola khasu la mpini waufupi kudenga, ndipo ndi limene linamaliza ntchitoyo. Kachipinda kaja anakasiya momwemo. Akatekisiti anayang'ana kumwamba ngati sanakaone.

Chichokereni tsiku limenelo, maliro akagwa, kaya kumanda kwathu kaya pamsuku, makasu amatuluka mbali zonse ziwiri. Khasu lija amasunga ndi Mateyu, ndipo Saidi akalifuna salipempha, amangolowa n'kutenga.

Dzulo ndinapita kusitolo kukagula sopo. Che Amidu anali pabenchi, kumapeto kwawo kwa masiku onse. Anandizindikira ndi mawu.

"Nambewe, chiliza mwamanga chokongola, andiuza. Koma atsibweni ako ndi munthu wabodza. Anandilonjeza kuti kachipinda kanga adzasema ndi iye. Wandithawa mdzukulu wanga."

Ndisanayankhe, Mateyu anadutsa panjinga n'kukuwa kuti, "Musadandaule, Che Amidu, bango lanu ndinadula kale!" Nkhalamba inaseka, kenaka inapukuta m'maso ndi mkono wa mkanjo, dzanja lina likupapasa pabenchi pambali pake.

Mbali imeneyo thabwa linasalala n'kulowa pang'ono. Pakhoma pali banga lakuda pamene chipewa cha mlaza chinkatsamira. Khonde limadzaza anthu tsiku la msika, ena amakhala pamatumba a mchere, ena amangoima, koma pamenepo sipakhala munthu. Kapu ya mkombero wobiriwira ili pamsomali pake. Ndinaisuzumira poyembekeza kupeza fumbi, koma inali yonyowa. Amaitsukabe m'mawa uliwonse.